Mawu akuti "wolekereza" a m'Baibulo lakale lija amatanthauza chani kwenikweni?

Mwana wa ku Chia:
Akuluakulu ndithandizeni pang'ono, makamaka inu munakulira Chichewa chakale chija. Agogo anga akazi atamwalira chaka chatha ine chomwe ndinatengako ndi Baibulo lawo basi, Buku Lopatulika lija la zilembo zakale loti "ch" amangolemba "c", chikuto chinathothoka kalekale nde anachita kulikuta ndi kachidutswa ka chitenje, mpaka pano likununkhabe utsi wa kukhitchini. Dzulo magetsi atazima ndimalitsegulatsegula ndi tochi ya pafoni nde ndapeza pa Eksodo 34:6 anadula mzere ndi pensulo. Vesiyo ikuti "Yehova, Yehova, Mulungu wacifundo ndi wacisomo, wolekereza, ndi wa ukoma mtima wocuruka". Mzerewo uli pansi pa mawu amodzi okha, wolekereza.

Nde ine mutu waima. Kwathu kuno munthu akakuuza kuti ndiwe wolekerera wakunyoza, mwana akamatukwana akulu timati makolo ake anamulekerera, mbuzi zikadya mpunga wa eni timati mwini wake ndi wolekerera. Ndiye Mulungu akudzitchula yekha dzina limeneli? Ndisabise, funsoli landikhudza chifukwa bambo anga atamwalira bambo aang'ono anatenga boti, injini, chilimira ndi munda wa mpunga, ife ndi mayi tinatsala ndi mapoto. Papita zaka 9, iwo akungonenepa, Lamulungu lililonse ali pa benchi yakutsogolo. Nde ndikawerenga kuti wolekereza ndikumangoti eya, n'zoonadi, akuwalekereradi.

Wa pa Kamuzu Road:
Kkkk achimwene mwayamba kuyimba mlandu Namalenga? Musadandaule lafote limakwana basi.

Mphunzitsi wopuma, Chipoka:
Mwana wanga, choyamba pepani ndi zomwe munakumana nazo. Mawu onsewa tsinde lake ndi limodzi, kuleka. Kuleka, kulekera, kulekerera, kulekeza, kulekereza, mpaka malekezero. Onani bwino, malekezero akuchokera momwemo. Masiku ano kulekerera kwatsala ndi tanthauzo loipa lokhalokha, la munthu amene akuona cholakwika koma sakulabadira, koma akale ankathanso kunena za munthu amene mphamvu yobwezera ali nayo, chifukwa chobwezera ali nacho, koma wabweza dzanja kaye. Mawu amakalamba ngati anthu. Baibulo limenelo linatuluka lonse mu 1922, ntchito yaikulu anagwira ndi a William Murray a mishoni ya Dutch pamodzi ndi anzawo ndiponso aphunzitsi achikuda, ku Mvera kumtunda kwathu konkuno mukamapita ku Lilongwe, ndiye Chichewa chake ndi cha azigogo a azigogo anu. N'chifukwa chake Mabaibulo atsopanowa pamalo ngati amenewo mumapeza mawu oti wosakwiya msanga kapena wosapsa mtima msanga.

Msodzi wa ku Senga Bay:
Ine sukulu sindinapite nayo patali koma ndiyankheko za kunyanja. Kampango wamkulu akadya nyambo sumakoka nthawi yomweyo, ukatero chingwe chiduka kapena mbedza ing'amba mlomo nsomba n'kupita ndi bala. Umampatsa chingwe, athawe, akokere pansi, iwe uli phee m'bwato chingwe chikudutsa m'zala mpaka kukuwotcha, akatopa umakoka pang'ono, akalimbanso umamusiyanso. Munthu woonera kumtunda angati wamutaya koma nsonga ya chingwe ili m'manja mwako, pena wachita kuikulunga padzanja. Kwa ine kumeneko nde kulekereza. Kulekerera ndi uja wataya chingwe chonse m'madzi n'kuyamba kusuta fodya.

Mayi wa Chigwirizano, Benga:
Amen bambo, mwalalikatu pamenepo.

Wokonda mtsutso, Nkhotakota boma:
Fanizo labwino koma tisanamizane, Baibulo lomwelo silikusiyanitsa mawu awiriwa ngati mmene mukuchitiramu. Tsegulani Machitidwe 17:30, Paulo ali ku Atene akuti nyengo za kusadziwako Mulungu "analekerera". Aroma 3:25 chimodzimodzi, analekerera machimo ochitidwa kale. Pa Aroma 2:4 pali mpaka mawu oti "chilekerero". Nde za "za" ndi "ra" izi tisalimbe nazo, achimwenewa funso lawo likadalipo.

Ndipo ine ndiwonjezere moto. Pano pa boma tili ndi mtengo uja David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu ija yogulitsa akapolo, alendo amabwera kudzajambulitsa. Livingstone anafika kuno mu 1861 anapeza anthu akugulitsidwa, akuwolotsedwa nyanja pa zombo ulendo wa ku Kilwa, anabweranso n'kudandaula, koma malondawo anapitirira mpaka cha m'ma 1890. Zaka zonsezo chingwe chikungoperekedwa. Amene anamangidwa goli m'khosi uja mukamuuza kuti Mulungu akuleza mtima ndi amene wakugulayo angakuyankheni chani? Kuleza mtima kumakoma ukakhala wolakwa ndiwe, ukakhala wolakwiridwa kumawawa ngati tsabola m'maso.

Mbusa wopuma, Salima:
Achimwene a ku boma, mwafunsa bwino ndipo sindikufuna kukuyankhani mothamanga ngati kuti ndi nkhani yaing'ono. Funso lanulo lili m'Baibulo momwemo. Pa Chivumbulutso 6:10 anthu ophedwa akufuula kuti kufikira liti, Habakuku akuyamba buku lake ndi dandaulo lomwelo, Salimo 73 mwini wake akuvomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa akunenepa. Mlaliki 8:11 akuchita kunena poyera kuti chilango chikachedwa anthu amalimba mtima pochita zoipa. Ndiye wofunsa asadzione ngati wachimwa.

Tsono mawu enieniwo. Pa Chihebri pamene agogo anadula mzerepo pali mawu akuti erek apayim, kumasulira kwake ndi "wa mphuno zazitali". Musaseke. Ife mkwiyo timauika mumtima, timati wapsa mtima, Ahebri ankauika m'mphuno, munthu akakwiya ankati mphuno yake yayaka. Ndiye wa mphuno zazitali ndi uja moto wake umatenga nthawi kuti ufike potulukira. Ife tili ndi mnzake wotembenuza, munthu wa mtima wapachala. Chipangano Chatsopano pa Chigiriki chimati makrothumia, ganizo lake ndi lomwelo la kutalika. Muone kuti mawu onsewa sakunena kuti mkwiyo palibe, akunena kuti uli ndi ulendo wautali.

Komanso mwana wanga wa ku Chia, mwaima pa vesi 6, tsikirani pa 7. Pomwepo akuti wokhululukira mphulupulu ndi kulakwa ndi kuchimwa, kenako "wosamasula wopalamula". Ndi mpweya umodzi womwewo. Mukafuna kuona kulekerera kwenikweni koipa kuja pitani kwa Eli pa 1 Samueli 2 ndi 3, ana ake ankalanda nyama ya nsembe ndi kugona ndi akazi a pakhomo la chihema, iye n'kungowalankhula mofewa osawaletsa, ndipo Mulungu analanga nyumba yonse chifukwa cha zimenezo. Sangalange Eli pa khalidwe loti Iye mwini ali nalo.

Chimene chimasiyanitsa n'choti kudikira kwa Mulungu kuli ndi chimene kukufuna. 2 Petro 3:9 akuti aleza mtima kwa inu, wosafuna kuti ena aonongeke koma kuti onse afike kukulapa. Ndipo fanizo limene ine ndimalikonda ndi la mkuyu pa Luka 13, mwini munda wabwera zaka zitatu osapeza chipatso akuti udule, wosunga munda akuti baulekani chaka chino chokha, ndiukumbire m'mbali ndithirepo ndowe, ukapanda kubala mudzaudule. Mwaona? Kuleka kuja kwabweranso, koma munthuyo sakupita kukagona, akutenga khasu. Ndipo chaka chake n'chowerengeka.

Wa pa Kamuzu Road:
Nde lafote lija lilimo m'Baibulo eti abusa kkkk

Mbusa wopuma, Salima:
Lilimo koma silinathe mmene mukufunira inuyo. Yona analalikira ku Nineve kuti kwatsala masiku 40 mzinda upasuka, anthu analapa, lafote linakwana osachitika kanthu, Yona n'kukwiya mpaka kupempha imfa. Ndipo pokwiyapo pa Yona 4:2 anatchula mawu omwewa a pa Eksodo, kuti ndinadziwa ine kuti Inu ndinu wotere n'chifukwa chake ndinathawa. Anatenga chiyamiko n'kuchisandutsa chidandaulo, ndendende mmene wachitira mnzathuyu. Mulungu anamuyankha ndi funso la anthu oposa 120,000 osadziwa kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, ndi ziweto zomwe. Koma Nineve yemweyo atabwerera ku nkhanza zake mneneri Nahumu anabwera ndi uthenga wina, ndipo mzindawo unagwa mu 612 Yesu asanabadwe.

Za akapolo zija sindinamiza munthu kuti zinali bwino chifukwa Mulungu amadikira. Zinali zoipa tsiku lililonse limene zinachitika. Chimene chikhristu chimaphunzitsa pa Aroma 3:25 ndi 26 n'choti machimo amene anaoneka ngati angodutsa aja sanatayidwe, ngongole yake inasungidwa ndipo mtanda ndi pamene Mulungu anaonetsa kuti sanaiwale, ndipo wokana kulapa Aroma 2:5 akuti akungodziunjikira mkwiyo. Komanso nthawi imene Mulungu akudikira si nthawi yoti anthu apinde manja. Amene anaona goli n'kukhala chete, wolekerera ndi ameneyo.

Mnzanu wachisilamu, Linga:
Ndalowerera nkhani ya eni koma ndife apaulendo amodzi. Kwathunso mwa mayina a Allah muli Al-Halim, amene amaona kulakwa, mphamvu ali nazo, koma safulumira kulanga. Achimwene a ku Chia pepani, za kulanda katundu wa ana amasiye Qur'an imaletsa mwamphamvu kwambiri.

Mphunzitsi wopuma, Chipoka:
Ndiponyepo kena kongokometsera. Abusa atchula kuleza mtima nde ndakumbuka kuti limodzi mwa mayina akale a Mulungu ndi Leza, anzathu a Chibemba ku Zambia mpaka lero amati Lesa. Kwa ife dzinali linabisala m'mawu oti utawaleza, uta wa Leza. Ana a masiku ano amangotchula osadziwa kuti akutchula uta. Nde pa Genesis 9 chigumula chitatha Mulungu akuti ndaika uta wanga mumtambo. Ine ndikamaona utawaleza uli tambalale pamwamba pa nyanja mvula itangokata ndimaona mlenje wakoleka uta wake pakhoma, Leza waleza.

Mayi wa Chigwirizano, Benga:
Zonsezi n'zabwino koma ine ndilankhule ngati mayi. Mwana wanga, kuleza mtima kwa Mulungu kusakulepheretseni kutsata munda wa bambo anu. Ife amayi tauzidwa kokwanira kuti pirirani, siyirani Mulungu, kwinaku ana akugona ndi njala. Ana aakazi a Tselofekadi pa Numeri 27 anapita okha kwa Mose kukafunsa cholowa cha bambo awo ndipo Mulungu anati akunena zoona. Dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Yambirani kwa amfumu, zikakanika pitani kwa a DC kapena kukhoti. Akuluakulu anati mlandu suwola. Mukhoza kuwapempherera bambo aang'onowo m'mawa, masana n'kukawasumira, palibe chotsutsana.

Wokonda mtsutso, Nkhotakota boma:
Apa nde ndagwirizana nanu mayi. Abusa mwayesetsa, theka ndalandira, theka linalo ndikaliganizira ndikamadutsa pa mtengo paja.

Mwana wa ku Chia:
Zikomo nonse, bandulo inandithera nde ndangowerenga zonse pakamodzi. Abusa ndatsikiradi pa vesi 7 ndipo ndaona chinthu chomwe dzulo ndi tochi sindinachione. M'mphepete mwa tsambalo agogo analemba chilembo chimodzi ndi pensulo yomweyo, chaching'ono kwambiri chopendama, paja sukulu yawo inali ya kwacha. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi cha dzina la bambo anga. Ayi ndithu, ndi cha bambo aang'ono. Ndawaonetsa mayi angoti eya, amene uja ndi mzime wawo, usiku uliwonse ankamutchula dzina popemphera mpaka mawu kusasa, ankati Ambuye musamudule kaye. Ine zaka zonsezi ndimagona chipinda choyandikana nawo ndikupempha kuti Mulungu afulumire, kuseri kwa khoma lomwelo gogo akupempha kuti achedwe. Ndipo agogo omwewo ndi amene ankabisa mpunga m'kathumba kumatibweretsera kuti mwana wawoyo asaone, komanso anakana kukwera boti lija mpaka kumwalira, olo ulendo waufupi ankalolera kuyenda wapansi.

Sindinganame kuti mtima watsika, ndikawaona pa benchi paja Lamulungu likubwerali mwina ndidzamvabe kutentha m'mphuno ngati Mhebri kkkk. Mayi a ku Benga, ndalankhula ndi achemwali anga ali ku Dwangwa, abwera Loweruka, Lolemba tikawonekera kwa amfumu. Pepala la injini lija mayi analisunga, lili m'chikwama chawo cha ku chigwirizano. Kodi kumeneko timayenera kupita ndi mboni zingati, ndipo mayi akuyenera kukhalapo okha kapena ife ana tikhoza kuwayimira poti miyendo ikuwavuta?