Kulumikiza pulogalamu ku socket ya Unix pamene njira yake yatalika

Wofunsa:
Ndikulemba pulogalamu ya C pa Linux yomwe iyenera kulankhulana ndi pulogalamu ina kudzera pa socket ya Unix (khomo lolankhulirana mapulogalamu a pa kompyuta imodzi, lomwe limaoneka ngati fayilo), koma socketyo ili mkati mwa mafoda ambirimbiri, moti njira yake yonse (mayina a mafoda onsewo pamodzi ndi dzina la socketyo) siikukwana mu sun_path, malo olembamo njirayo, omwe amalandira mabayiti 108 okha. Foda yomwe muli socketyo ndinaitsegula kale ndipo file descriptor yake (nambala yoimira chinthu chotsegulidwa) ndili nayo. Popeza openat imatsegula fayilo poyambira pa foda yotsegulidwa kale, kodi connect, yomwe imalumikiza pulogalamu ku socket, ilinso ndi mnzake wotero? Chonde ndiunikireni.

Yankho loyamba:
Chimene mukufunacho chilipo pa FreeBSD, kumene connectat ndi bindat zinayamba kupezeka mu FreeBSD 10.0 pofuna kuthandiza mapulogalamu otsekeredwa ndi Capsicum (dongosolo la chitetezo la FreeBSD), omwe saloledwa kufikira fayilo potchula njira yake yonse. Linux ilibe zimenezi. Anthu ambiri amathamangira kuitana fchdir kuti alowe mu fodayo, nalumikiza potchula dzina la socket lokha, kenako n'kubwerera kumene anali. Vuto lake ndi lakuti foda yogwiriramo ntchito ndi imodzi pa pulogalamu yonse, kotero thread ina (gawo la pulogalamu loyenda nthawi imodzi ndi magawo anzake) ikatsegula fayilo pa kanthawi komweko, ikaifunafuna m'foda yolakwika, ndipo cholakwika chotere chimavuta kuchigwira chifukwa chimachitika mwa apo ndi apo.

Yankho lachiwiri:
Ine ndingakulangizeni kudzera mu /proc, foda yapadera imene Linux imaonetsamo za mapulogalamu amene akuyenda. Ngati descriptor ya fodayo ndi 7, lembani /proc/self/fd/7/seva.sock mu sun_path, ndipo kernel, mtima wa Linux, idzatsatira ulalo wa /proc/self/fd/7 mpaka kufika pa foda yeniyeniyo, ngakhale fodayo itasinthidwa dzina mutaitsegula kale. Zimenezi zimagwiranso ntchito pa bind, yomwe imapatsa socket dzina. Ngati mukungolumikiza, mukhozanso kutsegula socket yeniyeniyo ndi openat pamodzi ndi O_PATH (chizindikiro chotsegulira chinthu pofuna kungochiloza), yomwe inabwera mu Linux 2.6.39, n'kupereka /proc/self/fd/ ndi nambala yake basi. Umu ndi mmene systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa Linux, imachitira njira ikatalika. Mukalemba njirayo mu sun_path ndi snprintf, musaiwale kuona zimene yabweza, chifukwa dzina likaduka mosadziwika mudzalumikiza ku chinthu china kapena kulandira ENOENT (uthenga woti fayilo palibe) yosamveka chiyambi chake.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Chatsala n'chakuti pulogalamuyi nthawi zina idzayenda mu chroot (itatsekeredwa m'foda imodzi) momwe mulibe /proc.

Yankho lachitatu:
Zikatero bwererani ku fchdir, koma muichite mu thread yapadera imene yayamba yaitana unshare ndi CLONE_FS, pakuti ikatero imakhala ndi foda yogwiriramo ntchito yakeyake ndipo zinzake sizisokonezeka. Socket yolumikizidwayo idzaonekabe kwa ma thread onse, popeza ma descriptor amagawanabe. Wina angakuuzeni kuti mugwiritse ntchito dzina la abstract, lomwe si la fayilo ndipo limayamba ndi bayiti ya ziro, koma ine sindingavomereze, chifukwa dzina lotere silitetezedwa ndi zilolezo za mafayilo, ndipo pulogalamu iliyonse ya mu network namespace (chigawo cha netiweki mkati mwa Linux) yomweyo ikhoza kulumikizako.