Ndatsala ndekha pa ulendo wa ku Roma, ndithandizeni nzeru

Abale anga a pagulu pano, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndimakhala ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Viza ya Schengen yolowera ku Italy ndinaipeza, tikiti ya ndege ndinagula kale, ya masiku 4. Mnzanga amene tinapangana kupitira limodzi amumana tchuthi kuntchito.

Kubwerera m'mbuyo sindikufuna. Mayi anga ankalakalaka atadzaona Tchalitchi cha Petulo Woyera ndi maso awo, koma anatisiya asanakwereko ndege. Kolona yawo ndili nayo, mikanda yake inachita kusalala ndi zala zawo. Ndikufuna ndikaigwire m'manja Lachitatu m'mawa, Papa akamakumana ndi anthu.

Chondiopsa ndi usiku. Ndege yanga itera pa bwalo la ndege la Fiumicino cha m'ma 9 koloko madzulo. Ndikwera sitima ya Leonardo Express, mphindi 32 ndafika pa siteshoni yaikulu ya Termini, ndipo chipinda ndinachipeza misewu itatu kuchokera pa siteshonipo chifukwa n'chomwe thumba langa linakwanitsa. Mayi wayekha, akukoka sutikesi pa timiyala ta m'misewu yakale ija, n'zotheka? Kapena ndiluze ndalama ndikasake kwina? Nanga basi nambala 64 ija yopita cha ku Tchalitchi cha Petulo Woyera, imene imatchuka ndi opisa m'matumba, ndiizembe bwanji?

Yankho 1: Achemwali, pitani. Ine ndinagona dera lomwelo. Mukatsika sitima musaime n'kumayang'ana mapu pafoni, njira muiloweze mukadali m'sitima. Ngati mtima ukukana, kwerani takisi yoyera pa mzere wake panja pa siteshoni, osati ya munthu wokuitanani. Basi 64 isiyeni. Kwerani Metro A, sitima ya pansi pa nthaka, mutsike pa siteshoni ya Ottaviano, kwatsalako n'koyenda pansi. Kachikwama kakhale kutsogolo, dzanja pa zipi.

Yankho 2: Mayi, mulowe m'Tchalitchimo mutaphimba mapewa ndi mawondo, apo ayi akubwezani pakhomo. Chitenje chimodzi m'chikwama chikwanira. Matikiti okaonera Papa ndi aulere, koma muwapemphe nthawi ikadalipo. Mutengenso botolo, madzi a m'mipopi ya m'misewu imene amaitcha nasoni ndi abwino kumwa.

Mwini funso: Zikomo nonse, mtima watsikako. Chitenje nditenga cha mayi chomwe. Alipo amene anapemphapo matikitiwo andiuze kuti anatumiza pempho kutatsala masabata angati?