Gulu lathu likukwanitsa zaka 10: tilembe sewero kapena tipeke pomwepo?

Nagama wa ku Bangwe:

Moni nonse okonda zisudzo. Pali nkhani imene yatigawa pakati m'gulu lathu kuno ku Bangwe. Mwezi wamawa tikukwanitsa zaka 10, ndipo tapeza holo ya tchalitchi yoti tikondwereremo. Chiyambire sitinalembepo sewero. Timangogwirizana mutu wa nkhani, ndani akhala ndani, nkhani iyambira pati ndipo ikathera pati. Mawu onse amabadwira pa siteji. Nthawi zina timapempha oonera kuti atipatse malo, wina n'kukuwa kuti "kuchigayo!", wina "mu minibasi ya ku Limbe!", ife n'kuyambapo.

Tsopano achinyamata amene alowa posachedwa, ena mwa iwo anachitapo mipikisano ya zisudzo za Chingerezi ya ATEM ku sekondale, akuti tsiku lalikulu ngati ili likufunika sewero lolembedwa, loloweza bwinobwino. Mmodzi ananena poyera kuti kupeka pomwepo ndi ulesi wa anthu osafuna kuwerenga. Mawuwo anandipweteka kwambiri, chifukwa zonse zimene ndimadziwa pa siteji ndinaziphunzira m'njira imeneyi. Kodi kupeka pomwepo kumamumanga munthu wa zisudzo, kapena kumangomuzoloweretsa zophweka? Nanga pa tsikulo tichite ziti?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Mayi Nagama, mwanayo akafunse makolo ake za Izeki ndi Jakobo. A John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021, koma aliyense amene anawaonera ndi gulu la zisudzo la Kwathu akudziwa kuti mphamvu yawo inali kumvetserana. Wina akaponya mawu, mnzake ankawawakha asanagwe pansi. Zimenezo munthu waulesi sangazithe.

Ndikuuzeni kumene luso limeneli limaonekera kwenikweni. M'zaka za m'ma 1980, gulu loyendayenda la ku Chancellor College, kumene kunali a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, linkapita ndi masewero a zaumoyo m'midzi ya cha ku Liwonde. Sewero silinkangoyenda lokha mpaka kumapeto. Anthu a m'mudzimo ankalowererapo. Ndiye tayerekezani: inu mukusewera ngati mlangizi wa zaumoyo, mukudzudzula banja chifukwa chosowa chimbudzi, kenako gogo wina pakati pa anthu n'kudzuka, n'kunena kuti dothi la kuno ndi lamchenga, tikakumba chimagwa mvula yoyamba. Woloweza papepala pamenepo amauma pakamwa, kapena amapitiriza mzere wake ngati gogoyo sanalankhule. Wozolowera kupeka amamumva gogoyo, amakhalabe mlangizi, n'kumuyankha monga mlangizi angayankhire. Sewero limasanduka la mudziwo.

Ngakhale m'sewero lolembedwa, mnzako akaiwala mzere kapena magetsi akazima, amene amapulumutsa gulu ndi yemwe anaphunzira kumvetsera.

Chikondi wa ku Area 25:

Pepani bambo, ine ndiima ndi achinyamatawo pang'ono. Mawu oti ulesi analakwitsa, koma nkhawa yawo ndi yoona. Ndaonera magulu ambiri opeka pomwepo ndipo anthu ake ndi omwewo: chidakwa chodzandira, apongozi ankhanza, wantchito wa m'nyumba wolankhula mopotoka, kuseka munthu wachibwibwi. Mutu ukaima, munthu amathamangira chimene chinaseketsa sabata yatha. Sewero la mphindi 40 limafika maola awiri, wa mawu aakulu amalanda siteji yonse, atsikana n'kutsala akungoti "inde bambo".

Du Chisiza Jr ankalemba masewero ake a Wakhumbata, gulu limene analiyambitsa mu 1987. Anamwalira mu 1999, koma cholembedwa chimatsala, wina angathe kuchitenga n'kuchiseweranso. Mayi Nagama, funso langa ndi ili: zaka 10 zanuzo zasiya chiyani chimene mwana wolowa lero angachigwire m'manja?

Nabanda wa ku Mzuzu:

Achemwali, mkangano wanuwu anzathu akunja anadutsamonso. Ku Chicago kunali mayi wina, Viola Spolin, amene ankaphunzitsa zisudzo ana a m'madera a anthu obwera kuchokera kumayiko ena. Anaona kuti mwana ukamupatsa pepala amauma thupi, koma ukamupatsa masewera okhala ndi lamulo limodzi amamasuka. Masewerawo anawasonkhanitsa m'buku mu 1963. Mwana wake, Paul Sills, anali mmodzi mwa amene anatsegula nyumba ya zisudzo zoseketsa ya The Second City mu 1959, kumene kunadutsa akatswiri a zisudzo monga Bill Murray, Tina Fey ndi Steve Carell.

Chimene ndikufuna mumve ndi momwe amagwirira ntchito. Amapeka pamaso pa anthu, zimene zagwira mtima amazisunga, amazikonza, amazibwereza mpaka zitakhazikika kukhala sewero la pulogalamu yawo. Kupeka ndiyo njira yawo yolembera. Ndiye magulu awiri a ku Bangwewo akufunana, sakudziwa chabe.

Za chidakwa chobwerezabwereza zimene a Chikondi anena, mankhwala ake alipo. Lamulo loyamba ndi kuvomera chimene mnzako wabweretsa n'kuwonjezerapo chako. Iye akati "Malume, mbuzi ija yalowa m'kalasi," iwe usati "palibe mbuzi pano" pofuna kuseketsa, chifukwa wapha nkhani ya mnzako. Uziti "yakhala pa desiki ya ndani?" Poyeserera, letsani anthu anayi amene a Chikondi atchulawo kwa mwezi wathunthu. Yesaninso za Keith Johnstone wa ku Calgary, ku Canada, amene ankaphunzitsa kusewera ulemerero: bwana ndi mlonda, koma mlonda ndiye ali pamwamba, osatchula ndi pakamwa, zizioneka m'maimidwe ndi m'maso mokha. Wa mawu aakulu uja mumpatse gawo la munthu wosalankhula.

Nagama wa ku Bangwe:

Zikomo nonse. A Chikondi, funso lanu landigwira, chifukwa pali sewero lathu la maliro a munthu wa ngongole zambiri limene anthu amalipemphabe, koma awiri mwa amene analipeka anasamukira ku Joni ndipo mawu awo anapita nawo. Loweruka ndikawauza anzanga kuti ife akale tilisewerenso poyeserera, achinyamatawo ajambule pa foni ndi kulilemba, likhale gawo loyamba. Gawo lachiwiri tipeke kuchokera kwa oonera, ndipo mnyamata ananena za ulesi uja ndikufuna ndilowe naye ineyo. Chatsala ndi ichi: holoyo ilibe maiki, ndipo anthu akakuwa onse pamodzi timangomva a kutsogolo.

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Ikani dengu pakhomo ndi timapepala, aliyense polowa alembe malo kapena ntchito ya munthu. Amene salemba auze wa pakhomoyo awalembere. Mwana wamng'ono ndiye azitola pepala, anthu asati munakonzeratu.