Gitala ya kwaya yakwera mawaya: tikonzetse kapena tigule ina?

Wakwaya wa ku Chitakale

Moni nonse. Gitala ya kwaya yathu, ya mawaya achitsulo, yayamba kulimba chithereni chiperoni. Mawaya atalikirana ndi khosi moti zala zikupweteka, ndipo kathabwa kogwira mawaya kumunsi kakuoneka ngati kakudzuka. Tikufuna tipite nayo ku shopu ya zoimbira ku Limbe. Tikanene chiyani kuti asatilipiritse zosafunika? Nanga ndi yokonzeka?

Mmisiri wa ku Luchenza

Achimwene, musanakwere minibasi yambani mwaiyeza. Tengani rula muyeze mpata wa pakati pa waya wamkulu ndi fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, towerengedwa kuchokera kumutu). Uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 2.5, ndipo ku waya wamng'ono mamilimita 2. Ukafika 4, vuto lilipo ndithu.

Kenako dinani waya wamkulu uja pa fret yoyamba ndi ya 14 nthawi imodzi, muyang'ane pa fret ya 7. Kampata kake kazingokwana kapepala kolimba kamodzi. Kakakula, khosi lapinda, ndipo limawongoledwa ndi chitsulo cha m'kati chija amati truss rod, pogwiritsa ntchito kasipanala kotchedwa Allen key ya mamilimita 4 kapena 5. Masulani kaye mawaya, potani chitsulocho kota yokha cha kumanja, ichuneni, muisiye igone, muyezenso mawa. Chikakana kupota musakakamize. Chikathyoka m'katimo, mtengo wokonzetsa ungapose wa gitala yomwe.

Koma za kathabwa kaja n'zimene zikundidetsa nkhawa. Yesani kulowetsa pepala kunsi kwake. Likalowa, masulani mawaya onse lero lomwe, chifukwa onse asanu ndi limodzi amakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60, ndipo kakazuka kamachoka ndi thabwa la pamwamba. Kokonza kwake n'kukachotsa konse, kupala guluu wakale mpaka mtengo uoneke, kupaka guluu wa matabwa, n'kupanikiza tsiku lathunthu. Wokonza akatulutsa supagulu kuti angothira m'mphepete, nyamulani gitala yanu muzipita.

Mphunzitsi wa nyimbo, Thyolo

Amisiri anena zoona, koma gwero lake ndi chinyontho cha kwathu kuno. Thabwa la pamwamba ndi lopyapyala, likamwa chinyontho limatukumuka n'kukweza mawaya. Gonekani rula chopingasa kuseri kwa kathabwa kaja, muona ngati patupa. Gitala yambiri ya mpingo imayedzamira khoma la njerwa kapena kugona pa simenti sabata yonse, ndiye mukakonzetsa n'kuibwezera pomwepo, mvula ikubwerayi mudzapitanso ku Limbe. Iziikidwa m'chikwama chake pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Chonde musaiyanike padzuwa kapena kuiothetsa moto, guluu amasungunuka ndipo thabwa limang'aluka.

Ku shopu mukagule mawaya opepuka, oyambira .010 kapena .011 m'malo mwa .012 (manambalawa amasonyeza kunenepa kwa waya wamng'ono). Amakoka pang'ono, ndiponso achinyamata ongophunzira sagwa nawo ulesi. Mukatha kuimba muziwapukuta ndi kansalu kouma, thukuta ndilo limabweretsa dzimbiri.

Mayi a ku Bvumbwe

Ndiwonjezerepo za ku shopuko. Auzeni akuuzeni mtengo wa ntchito iliyonse payokha asanaigwire, ndipo aulembe pa risiti pamodzi ndi tsiku lokatenga. Pokatenga, imbani waya uliwonse pa fret iliyonse muli pomwepo, kumvetsera ngati pena pakulira nzii. Waya ukalizidwa wosadina ndi podina pa fret ya 12 mawu ake azigwirizana, apo ayi nyimbo izimveka yosachunidwa mukakwera m'mwamba.

Ngati mubwereke ina yoimbira Lamlungu, ijambuleni ndi foni mbali zonse musanatuluke nayo, kuti zikande zakale zisadzadye dipoziti yanu. Kugula yatsopano muganizire pokhapokha ngati khosi lalekana ndi thupi kapena lapotoka cham'mbali.

Wakwaya wa ku Chitakale

Zikomo kwambiri nonse. Pepala lalowa ndithu, mawaya tamasula. Amisiri, kodi tikagule mawaya atsopano ulendo womwewu kapena tidikire guluu agwire kaye?