Za kompyuta yakale ija: yambani ndi SSD

Bambo a ku Kapata anafunsa choyenera kusintha pa kompyuta yawo yochedwa, ndalama zili zochepa. Tsopano atiuza kuti ili ndi RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) ya 4GB ndi hard disk (chosungira mafailo cha mtundu wakale).

Bambo, yambani ndi SSD (chosungira mafailo chothamanga kuposa hard disk) ya 256GB, yolumikizira pa SATA (polumikizira hard disk). Hard disk ndiyo ikuchedwetsa zonse, purosesa isiyeni. Kenako RAM ifike 8GB, koma muyambe mwaona pa pulogalamu ya CPU-Z ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR3 kapena DDR4, chifukwa sizilowana. Windows ya 32-bit sigwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB, choncho muike ya 64-bit.

Zulani pulagi musanatsegule kompyuta, mupukute fumbi pa fani. Ndalama ikatsala, chonde gulani UPS (chipangizo cha batire chopatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima). Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga amachitira kuno ku Chipata, mafailo amawonongeka.