Zithunzi zanga zachita chuku pakhoma la eni ake, nanga ntchito zathu tizikoleka kuti mu Zomba muno?

Wojambula wa ku Chinamwali:
Akuluakulu ndi anzanga pantchitoyi, ndabwera ndi dandaulo. Mu Novembala ndinakasiya zithunzi 9 pa loji ina konkuno. Tinangopangana pakamwa kuti china chikagulidwa adzandiimbira. Dzulo ndinapita kukaziona. Chimodzi palibe, akuti chinagulidwa koma wolandira ndalamayo anasiya ntchito. Zitatu zachita chuku kumbuyo, ndipo cha anyamata ogulitsa zipatso pamsewu wokwera ku Ku Chawe madontho akuda atulukira mpaka kumaso. Chimenecho chinanditengera milungu itatu. Kodi chingapulumuke? Ndipo funso lomwe landisowetsa tulo ndi ili: tikachotsa malo ogona alendo, ife a kuno tili ndi khoma liti?

Mayi wa batiki (nsalu zojambulidwa ndi phula ndi utoto), Matawale:
Pepani achimwene, zowawa zimenezo. Musachitsuke ndi madzi, ndipo mankhwala oyeretsera zovala asayandikire n'komwe. Chitulutseni pakhonde pomwe pakupita mphepo, pamthunzi, chiume masiku awiri kapena atatu. Chikauma tengani bulashi yofewa, mangani kansalu pamphuno, muzisesa pang'onopang'ono kuyambira kumbuyo. Kumbuyoko mutha kudutsitsako thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiliti, koma yambani mwayesa pakona, ndipo kumaso kwa chithunzi sipilitiyo asafikeko chifukwa amasungunula penti. Mawanga ena sachoka, mudzangowaphimba pobwerezapo utoto.

Chinyezi cha kuno mukuchidziwa, tili patsinde pa phiri. Chithunzi chisamamatire kukhoma. Ine ndimakhomera timitengo tiwiri kumakona a m'munsi a felemu kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, ndipo khoma lomwe kunja kwake kumamenya mvula ndimalikana.

Mkulu wosema, msewu wa ku Chawe:
Mwana wanga, chuku si nkhani yaikulu, nkhani ndi pepala. Ine chiboliboli cha mlombwa sindichisiya kwa munthu popanda kulemba. Dzina la chinthu, kukula kwake, mtengo wake, gawo lomwe mwini malo atengepo, tsiku lomwe ndidzabwere kudzawerengera, ndiponso kuti chikasowa kapena kuonongeka alipira ndani. Mapepala awiri, tonse tisaine. Jambulaninso pafoni chili pakhomapo. Pitaninso kumeneko mukakumane ndi mwini wake weniweni, osati wa pakauntala, ndipo mupite ndi munthu wina wamkulu.

Wophunzira zojambula ku Chanco (Chancellor College):
Pa funso lachiwirilo ndiyankheko ndine mwana. Khoma lilipo, kungoti sitinalipemphe pamodzi. Ku Chirunga kuno timaphunzira zojambula, zoimba ndi zisudzo, ndipo ntchito zathu timazikoleka kuti aphunzitsi azione. Tsiku ngati limenelo amabwera ndi anzathu okhaokha, pomwe inu muli ndi makasitomala koma mulibe chipinda. Komanso kunena zoona, ambirife mbiri ya luso timaidziwa ya m'buku, koma kusankha mtengo wosang'aluka kapena kunola tchizulo sitidziwa. Bwanji tilembe kalata kwa akulu a gawo lathu, yopempha chionetsero chimodzi cha ophunzira ndi amisiri a m'tauni? Sindingalonjeze yankho lawo, koma kalata ya gulu imamveka kusiyana ndi munthu mmodzi wofika ndi chithunzi kukhwapa.

Mkulu wosema:
Mwanawe, ine sukulu ndinalekera sitandade 6. Palibe anandibwezapo pageti, koma ndimangodziopera ndekha. Ndikakaima pakati pa madokotala a maphunziro ndikanena chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Sadzi:
Bambo, mukanena zomwe manja anu akudziwa, basi. Ndiloleni ndikumbutse zakale pang'ono. Koleji ija inasamukira kuno kuchokera ku Blantyre mu 1973, likulu la dziko n'kuchoka kupita ku Lilongwe mu 1975, aphungu nawo anadzatisiya mu 1994. Chachikulu chomwe chinatsala mu tauni muno ndi sukuluyi, yomwe tsopano ikutchedwa University of Malawi. Ndipo kutuluka kunja kwa mpanda si zachilendo kwa iwo. Gulu lawo la zisudzo la Travelling Theatre linkanyamuka kukachita masewero m'masukulu ndi m'midzi, m'Chichewa, anthu a m'mudzi n'kumayankhira sewero lili mkati. Ngati a zisudzo anatha kupita kwa anthu, a zojambula angalephere bwanji kutsegulira anthu chitseko?

Amene munafikako ku Mua, m'boma la Dedza, mukudziwa za Kungoni yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Pamenepo wosema amaphunzira, amasemera pomwepo, ntchito yake imaikidwa pamalo oonetsera, mlendo n'kugula akudziwa tanthauzo la chinthucho. Chomwe chimandikhudza mtima n'chakuti anyamata a m'midzi yozungulira anapeza ntchito ya moyo wonse osasamuka kwawo. Ku Blantyre nako kuli gallery, malo oonetsera ndi kugulitsa zaluso, yotchedwa La Caverna mu Mandala House. Gallery yeniyeni si khoma lokha ayi. Imalemba dzina la mmisiri pansi pa ntchito, imasunga kaundula wa zomwe zagulidwa, imateteza katundu ku chinyezi ndi dzuwa, ndipo wogula akabweranso chaka chamawa amakupeza. Loji ntchito yake ndi kugoneka alendo, zithunzi zathu kwa iwo ndi zokongoletsera chabe.

Koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi. M'kalatamo musapemphe chithandizo ngati anthu ovutika. Lembani zomwe mukubweretsa: bambowa aphunzitsa kusema masana awiri, mayiwa aonetsa kathiridwe ka phula pa batiki. Kenako zomwe mukupempha: chipinda chouma masiku atatu, ndi ophunzira oti atithandize kulemba timapepala tofotokoza ntchito iliyonse m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Mayi wa batiki:
Ndagwirizana nazo, koma za ndalama tikambiretu. Wogula azilipira kwa munthu mmodzi wokhala ndi buku la malisiti, ndipo kagawo kochepa kazitsala m'thumba la gulu kogulira misomali, zingwe ndi kulipirira mayendedwe. Nthawi yake ikhale mvula itatha, kuyambira mu Meyi, ndipo tifunse ngati zingatheke pa sabata yomwe makolo amadzadza ku Great Hall ya pakolejipo kudzaonerera ana awo akulandira madigiri. Anthu amenewo amafuna mphatso.

Mkulu wosema:
Ngati n'kuphunzitsa ana kugwira kasemasema, pamenepo ndilipo. Ndibwera ndi zidutswa za mbawa zouma kale.

Wojambula wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. M'mawa uno ndinapitanso ndi malume anga. Mwini malo wavomera kulipira chithunzi chosowacho kumapeto a mwezi, ndipo walemba ndi dzanja lake. Zotsalazo ndabwera nazo kunyumba, zitatu zija zili pakhonde. Cha anyamata a zipatso ndachisesa kumbuyo, madontho ambiri achoka, atsala awiri pathambo pomwe ndingabwerezepo.

Za kalatayo, tikumane Loweruka 2 koloko masana ku Botanical Gardens. Aliyense abwere ndi zithunzi za pafoni za ntchito zake zisanu, ndi mitengo yake. Aphunzitsi, chonde mudzatilembere ndinu, achimwene a ku Chanco adzapita nayo Lolemba.