Sikirini yasanduka ya pinki: vuto ndi monita kapena chingwe?

Mayi_wa_fotokope:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi kamalo kotaipira makalata ndi kupanga fotokope pano pa Mponela. Monita yanga ndi ya kaunjika, ndipo imalumikizidwa ku CPU ndi chingwe cha VGA, chija cha mutu wa buluu chokhala ndi timasikuluu tiwiri. Kuyambira sabata yatha sikirini yonse ndi ya pinki, ngakhale pepala la Word lomwe limayenera kuyera. Ndikagunda desiki ndi bondo mtundu umabwerera, pakapita kanthawi n'kuthawanso. Makalata ndikutaipabe, koma makadi a ukwati ndayamba kubweza chifukwa sindikudziwa mtundu umene utuluke pa printa. Mnyamata wina akuti monita yapsa, ndigule ina. N'zoona?

Wokonza_ku_Limbe:
Mayi, ndalama yanu isatuluke kaye. Monita yakupsa sichira ndi bondo.

Mutu wa VGA uli ndi malo a timapini 15 m'mizere itatu. Titatu toyamba mu mzere wapamwamba ndi timene timanyamula mitundu: koyamba kofiira, kachiwiri kobiriwira, kachitatu ka buluu. Wobiriwira ukapanda kufika, wofiira ndi wa buluu amatsala okha, ndiye pinki wanuyo. Ukanasowa wa buluu bwenzi mukudandaula za chikasu.

Dinani batani la Menu pa monitapo. Zolemba zimene zimatulukazo zimachokera m'kati mwa monita momwemo, sizidutsa pa chingwe. Ngati zoyera zikuoneka zoyera, sikirini ya monitayo ilibe mlandu. Kenako zimitsani zonse, zulani chingwe mbali zonse ziwiri, muunike m'mitumo ndi tochi ya foni. Kapini kopindika kawongoleni pang'onopang'ono, chifukwa kakathyoka chingwe chatha. Mukaona mpata umodzi mu mzere wapakati musadandaule, zingwe zambiri zimabwera zopanda pini 9. Pobwezeretsa mangani timasikuluu tija, ambiri amangosomeka n'kusiya.

Mphunzitsi_wa_ICT:
Achimwene a ku Limbe anena zoona, koma tisafulumire kuweruza chingwe chokha. Soketi ya kumbuyo kwa CPU nayo imagwedera, makamaka ngati CPU imakokedwakokedwa posesa chingwe chili chomanga. Bwerekani chingwe china muyese. Pinki akapitirira, lumikizani monitayo ku laputopu ya munthu. Ikayera pamenepo ndiye kuti vuto lili ku CPU, ndipo ngati CPU ndi monita zonse zili ndi soketi ya mtundu wina, ya HDMI kapena DVI, ingosamukirani komweko.

Wa_ku_Chipata:
Pepani kulowerera. Yanga imaonetsa chithunzi kamphindi n'kuda bii, koma kagetsi ka pansi kali choyakabe. N'chingwenso?

Wokonza_ku_Limbe:
Ayi bwana, yanuyo ndi nkhani ina. Ikada choncho, unikani pa sikirini ndi tochi chapafupi. Mukaona zithunzi mwachizimezime, chingwe chikugwira ntchito, chafa ndi chounikira cha kumbuyo. Nthawi zambiri amakhala ma capacitor, tizipangizo tosunga moto, a pa bolodi ya magetsi, mukatsegula mumawapeza atatupa pamwamba. Amasinthika ndipo sadula kwenikweni, koma musatsegule nokha: capacitor wamkulu amasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Pitani nayo kwa wokonza ma TV.

Mayi_wa_fotokope:
Zikomo nonse. Menu inali yoyera bwinobwino, timapini tonse tili chilili. Ndabwereka chingwe kwa aneba a pa shopu yowotcha nyimbo, pinki watheratu. Changacho ndachipeza chitaphwatalala pamene desiki imakanikiza khoma. Mawa ndikakwera minibasi ya ku Lilongwe, ndigule chotani?

Wokonza_ku_Limbe:
Chonenepa, chokhala ndi timibulu tiwiri pafupi ndi mitu, ndi timene timachepetsa mizere yoyendayenda pa sikirini. Mita imodzi ndi theka yakwana. Chachitali chopyapyala chimapatsa zilembo mthunzi, inu otaipa tsiku lonse maso angakupwetekeni. Akuyesereni pa monita ya m'shopumo musanalipire, ndipo desikiyo muisunthe pang'ono ichoke ku khoma.